Mphaka wodzimbidwa kawirikawiri: njira iti imathandiza ndalama zikakhala zochepa?

Mphaka wathanzi amachita chimbudzi pafupifupi kamodzi pa tsiku. Akatha maola 48 popanda kanthu, kapena akamachima nthawi yaitali n'kungotulutsa timibulu touma ngati ta mbuzi, ndiye kuti wadzimbidwa. Zikamabwerezabwereza mwezi ndi mwezi, si nkhani ya fupa limene anadya dzulo ayi. Chisamaliro chake chikhala cha miyezi, mwina cha moyo wake wonse, choncho njira iliyonse tiiyeze ndi mafunso awiri: ikudya ndalama zingati pa mwezi, ndipo ikalephera imawononga chiyani?

Amphaka ambiri a kuno ku Mzuzu, monga a ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa kapena Luwinga, amakachitira kuseri kwa nyumba n'kukwirira, mwini wake osaona kanthu. Musanagule chilichonse, mutsekereni m'nyumba masiku atatu kapena anayi, muike beseni lalikulu losazama lokhala ndi mchenga wouma wofika masentimita 5. Beseni limeneli ndi limene lidzakuuzeni zoona pa njira zonse zili m'munsimu. Muyezeninso kulemera: muikeni m'thumba, mupachike pa sikelo ya ogula mbewu. Miyezo yonse ya mankhwala imadalira makilogalamu ake, ndipo amphaka athu ambiri amalemera makilogalamu 3 kapena 4 basi.

Choyamba: ndi chimbudzi kapena mkodzo?

Apa ndi pamene amphaka amafera mwini wake ali kalikiliki kuphika dzungu lofewetsera chimbudzi. Mphaka wamwamuna amene njira yake ya mkodzo yatsekeka amanjuta, kuchima ndi kulira chimodzimodzi ndi wodzimbidwa. Kusiyana kwake muone mu mchenga: ngati mulibe chigulumwa chonyowa cha mkodzo, kapena muli timadontho tokha ta magazi, ndipo iye akungonyambita kumaliseche, vuto lili m'chikhodzodzo. Wotereyu amatha kufa m'masiku awiri kapena atatu, ndipo palibe mankhwala a kunyumba amene angamuthandize. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Chimodzimodzinso mphaka amene akusanza mobwereza, wasiya kudya, mimba yake yauma gwa, kapena watha masiku atatu osachita chimbudzi. Musanyengedwe mukaona timadzi tofiirira tikudontha kumatako: nthawi zambiri ndi madzi odutsa m'mbali mwa chimbudzi cholimba chimene chatseka njira, si kutsegula m'mimba. Ndipo mukaona ulusi kapena chingwe cha thumba chikulendewera kumatako, musakoke, chimatha kudula matumbo mkati.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumvetsa. Ntchito ya matumbo aakulu ndi kuyamwa madzi m'chimbudzi. Chikakhalitsa, chimaumiratu; chikauma, kuchitulutsa kumapweteka; mphaka akamva kupweteka amachigwira, n'kuumanso kuposa pamenepo. Zikapitirira miyezi, matumbo amatanuka mpaka minofu yake kusiya kukankha, matenda amene madokotala amati megacolon. Njira yabwino ndi imene imadula mzunguliro umenewu matumbo asanafooke.

Madzi ndi chakudya chonyowa

Njira iyi ndi yotchipa kuposa zonse, ndiponso zina zonse zimaidalira. Mphaka amafunika madzi okwana mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku. Wa makilogalamu 3 ndiye kuti mamililita 150, theka la botolo la Fanta la galasi, kuphatikiza madzi a m'chakudya. Vuto n'lakuti amphaka mwachibadwa samva ludzu msanga. Anazolowera kupeza madzi m'nyama. Mbewa kapena nyama yatsopano ili ndi madzi pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse, pamene chakudya chouma cha m'mapaketi chili ndi magawo 10 okha. Usipa wouma ndi bonya nazonso zili ndi madzi ochepa kwambiri, ndipo mphaka wodya zimenezi zili zouma, mitu ndi minga yomwe, amatulutsa chimbudzi choyererako chofumbutuka ngati choko.

Ndiye madziwo aloweni m'mbale ya chakudya, musadikire kuti amwe yekha. Usipa wouma muuviike mphindi 30, mutaye madzi oyambawo, muuwiritse m'madzi ena mpaka ufewe, kenaka muuphwanye pamodzi ndi msuzi wake. Usipa wauwisi wochokera ku Nkhata Bay ndi wabwino koposa, koma muziuphika ndithu, chifukwa nsomba zina zosaphika zimawononga vitamini B1 m'thupi la mphaka. Pa chakudya chilichonse thiranipo masipuni aakulu awiri kapena atatu a madzi ofunda mpaka chikhale ngati phala. Mukamudyetsa katatu pa tsiku, madzi oonjezerawo okha amafika mamililita 90 mpaka 135. Ngati mumagula chakudya chouma, viikani kapu imodzi m'kapu imodzi ya madzi ofunda kwa mphindi 20, ndipo chotsala mutaye pakatha maola ochepa chisanasase.

Msuzi wa makosi kapena mafupa a nkhuku umakopa ngakhale mphaka wokana madzi, bola muusefe, mafupawo asafike m'mbale. Usakhale ndi mchere, zokometsera za m'mapaketi, anyezi kapena adyo. Anyezi ndi adyo zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, choncho msuzi wa ndiwo za pabanja si woyenera. Nsomba zokhazokha tsiku ndi tsiku sizikwanira. Sinthanitsani ndi mitima ndi nthutumba za nkhuku, dzira lowiritsa, ndi kachidutswa ka chiwindi kamodzi kapena kawiri pa sabata. Nsima ikhale yochepa kwambiri. Mafupa a nkhuku ndi minga ya chambo kapena kampango muzisiyiretu.

Mwezi wa June ndi July kuno kumazizira, ndipo amphaka amamwa pang'ono. Okalamba, amene mfundo zawo zimaphwanya, safuna kutuluka panja kukamawaza mvula, ndiye amachigwira chimbudzi tsiku lonse. Beseni la mchenga la m'nyumba, la m'mbali mofupika, loyeretsedwa tsiku lililonse, limachepetsa vutoli popanda kutaya tambala. Madzi a pampopi akamanunkha klorini, asiyeni m'ndowa usiku wonse, ndipo ikani mbale za madzi malo awiri kapena atatu, kutali ndi beseni.

Malire a njira imeneyi: imathandiza kwambiri mphaka amene matumbo ake adakali ndi mphamvu, koma siingasunthe chimbudzi chimene chatseka kale, ndipo payokha siikwanira kwa wa megacolon kapena wodwala impso.

Dzungu, madeya ndi psyllium

Dzungu limatchuka, ndipo nyengo yake pamsika wa Mzuzu silivuta kupeza. Liwiritseni popanda mchere kapena shuga, muchotse khungu ndi nthanga, mulipote, muike tiyisipuni imodzi kapena ziwiri pa chakudya chilichonse. Koma tinene zoona: dzungu lophika ndi madzi kwambiri, fayiba wake, gawo la chakudya limene siligayika m'mimba, ndi wochepa. Limathandiza kudzimbidwa kwapang'ono, ndipo gawo lalikulu la thandizolo ndi madzi ake omwewo. Silisungika, popanda firiji, lophika lero lisapitirire mawa.

Madeya ali ndi fayiba wambiri, koma ndi wa mtundu wongochulukitsa chimbudzi osachifewetsa kwenikweni. Komanso madeya osungidwa ponyowa amachita chuku chimene chimawononga chiwindi. Sitikulimbikitsa njira imeneyi, ngakhale ili yaulere.

Psyllium, amene m'mafamase amapezekanso ndi dzina loti ispaghula, amayamwa madzi n'kusanduka ngati therere, chimbudzi n'kumatuluka chofewa choterera. Yambani ndi kota ya tiyisipuni kawiri pa tsiku, wosakaniza m'chakudya chonyowa kwambiri, ndipo akhale wopanda zokometsera za malalanje kapena zotsekemera. Akaperekedwa wouma, kapena kwa mphaka wosamwa madzi, amaumbika m'matumbo n'kukulitsa vuto.

Mfundo yaikulu pa zonsezi ndi iyi: fayiba amagwira ntchito pokhapokha matumbo akadali ndi mphamvu yokankha. Kwa mphaka amene matumbo ake anatanuka kale, kapena amene mafupa ake a m'chiuno anathyoka atagundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto n'kupola mopanikiza njira, kuchulukitsa chimbudzi kuli ngati kuonjezera katundu pa ngolo imene yatitimira m'matope. Oterewa amafunika chakudya chogayika bwino, chotulutsa chimbudzi chochepa ndi chofewa. Mukaona kuti patatha sabata muli pa dzungu kapena psyllium chimbudzi chakula koma chikutuluka patalipatali, siyani.

Lactulose ndi macrogol

Kwa mphaka wodzimbidwa mobwereza, apa ndi pamene ndalama yanu imagwira ntchito kwambiri. Onse awiri ndi mankhwala a anthu amene madokotala a ziweto amagwiritsanso ntchito pa amphaka, ndipo amagwira mofanana: amakokera madzi m'matumbo aakulu kuti chimbudzi chisaume. Muwayambe dokotala atatsimikiza kuti njira siinatsekeke.

Lactulose ndi wamadzi, wonanda ngati manyuchi. Muyezo woyambira ndi theka la mililita pa kilogalamu iliyonse, kawiri kapena katatu pa tsiku. Mphaka wa makilogalamu 3 alandire mamililita 1.5 m'mawa ndi 1.5 madzulo. Pa mwezi ndi mamililita 90, kutanthauza kuti botolo la mamililita 200 limapitirira miyezi iwiri. Mukagawa mtengo wa botolo ndi masiku amenewo, mudzaona kuti ndi wotsika kuposa ulendo umodzi wokachotsetsa chimbudzi chotseka. Sagwira tsiku lomwelo. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri musanaonjezere.

Vuto lake ndi kummwetsa. Amphaka ambiri amadana ndi kukoma kwake, amatulutsa dovu, ndipo wotayikira pa ubweya amamata. Yesani kaye kumusakaniza m'kachakudya kochepa konunkhira nsomba mphaka ali ndi njala. Zikakanika, gwiritsani ntchito sirinji yopanda singano: mukulungeni m'chitenje mutu wokha uli panja, mutu ukhale wowongoka osaupendeketsa kumwamba, lowetsani sirinji m'mbali mwa kamwa kuseri kwa dzino lalitali, mupereke theka la mililita nthawi imodzi, ameze, kenaka muonjezere. Kupopera zonse kukhosi kumalowetsa mankhwala m'mapapo. Mukapyola muyezo, mimba imadzaza mpweya ndipo amatsegula m'mimba. Madzi akatha m'thupi, kudzimbidwa kumabwerera kwamphamvu. Mphaka wa matenda a shuga asamwe popanda dokotala kudziwa.

Macrogol 3350, amene amalembedwanso kuti PEG 3350, ndi ufa wosungunuka m'madzi. Wopanda zosakaniza alibe fungo kapena kukoma, choncho mumangothira m'chakudya, osalimbana ndi mphaka. Muyezo ndi theka la kota mpaka kota ya tiyisipuni, kawiri pa tsiku. Sachititsanso mpweya wambiri ngati lactulose. Ufa wake umatha pang'onopang'ono: magalamu 13 amakwana pafupifupi sabata pa muyezo wa kota. Muwerenge pa paketi, chifukwa mitundu ina, monga Movicol, ili ndi michere yoonjezera ya sodium ndi potassium, ndipo ina ili ndi fungo la mandimu limene amphaka amalikana. Kwa mphaka wodwala impso kapena mtima, micherewo ifunika dokotala avomereze kaye.

Tikayerekeza awiriwa, macrogol wopanda zosakaniza ndi amene tingasankhe, chifukwa chisamaliro cha miyezi chimalephera mphaka akayamba kuthawa mwini wake poopa sirinji. Koma mankhwala abwino ndi amene mungawapeze mwezi uliwonse osadukiza. Ngati amene ali pa shelefu ya famase yanu ndi lactulose, tengani ameneyo.

Mafuta ndi mkaka

Ambiri amathamangira mafuta ophikira. Mafuta amenewa amagayika m'matumbo aang'ono, ochepa okha ndi amene amafika pamene pali vuto. Ochuluka amatsegula m'mimba ndi kunenepetsa, ndipo kunenepa kumaonjezera kudzimbidwa.

Mankhwala a ku famase otchedwa liquid paraffin amatereretsa ndithu, koma alibe kukoma kulikonse, choncho mphaka sazindikira kuti ameze. Kadontho kakalowa m'mapapo kamayambitsa chibayo chovuta kuchiza. Musamumwetse ndi sirinji kapena sipuni. Ndipo chonde, dzinali lisakusokonezeni: parafini wa nyali ndi chinthu china, ndi poizoni.

Vaseline woyera wopanda fungo ndi wosaopsa kwenikweni chifukwa mphaka amanyambita yekha. Kakang'ono ngati nsawawa imodzi, kopaka pa phazi lakutsogolo kawiri kapena katatu pa sabata, kamathandiza makamaka wa ubweya wautali amene amameza ubweya ponyambita. Tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amalepheretsa thupi kuyamwa mavitamini ena. Kumupesa ndi chipeso tsiku lililonse kumachita zambiri kuposa Vaseline, ndipo ubweya wopotana ndi chimbudzi kumatako muufewetse ndi kansalu ka madzi ofunda musanaumete mosamala.

Mkaka umafewetsa chimbudzi chifukwa amphaka aakulu ambiri sagaya shuga wa mu mkaka. Ndiye kuti ukugwira ntchito potsegula m'mimba, ndipo muyezo wake sudziwika: wina sasintha, wina amatsegula usiku wonse. Sungadaliridwe mwezi ndi mwezi.

Zimene zimapha

Mankhwala opopera kumatako a anthu okhala ndi sodium phosphate, monga Fleet, amatha kupha mphaka m'maola ochepa posokoneza michere ya m'magazi. Kupopera madzi a sopo kapena a Dettol kumawotcha matumbo ndi kumupatsa poizoni. Mafuta a nsatsi, Epsom salt, madzi a aloe vera ndi tiyi wotsuka m'mimba si za mphaka. Akamalira ndi ululu musamupatse Panado: thupi la mphaka silitha kuchotsa paracetamol, ndipo piritsi limodzi limakwanira kumupha. Brufen nayenso amawononga impso zake. Musayesenso kufinya mimba kapena kutokosa kumatako ndi chala kapena kamtengo. Matumbo otanuka amang'ambika msanga.

Ulendo wa kwa dokotala: wodula kamodzi, wotchipa pa chaka

Ngati ndalama ikukwanira ulendo umodzi wokha, upite koyambirira, osati mphaka atafooka. Yambirani ku ofesi ya boma ya zaziweto kapena kwa dokotala wa ziweto woyima payekha, ndipo pitani ndi mafunso okonzeka. Apapase mimba kuti amve kukula ndi kulimba kwa chimbudzi. Aone ngati njira ya m'chiuno ili yopanikizika. Aone ngati thupi lili ndi madzi okwanira. Kwa mphaka wopitirira zaka 7 kapena 8, makamaka amene akumwa ndi kukodza kwambiri uku akuwonda, funsani zoyeza impso, chifukwa impso zofooka zimataya madzi ndi potassium, ndipo kudzimbidwa kumangokhala chizindikiro. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amasankha pakati pa fayiba ndi chakudya chogayika bwino, ndipo popanda iwo mumangoyesa mwakhungu.

Chimbudzi chikatseka, dokotala amayamba wabwezera madzi m'thupi, kenaka amapopera madzi ofunda kumatako pang'onopang'ono, mamililita 5 mpaka 10 pa kilogalamu, ndipo chikakanika amachichotsa mphaka atagonekedwa ndi mankhwala. Ena amaonjezera piritsi la bisacodyl kwa masiku ochepa, kapena cisapride wolimbikitsa matumbo kukankha, ngakhale ameneyu amavuta kupeza. Wa megacolon amene mankhwala alephera amafunika opaleshoni yochotsa gawo lalikulu la matumbo aakulu. Ambiri amakhala bwino pambuyo pake, koma ndi yodula ndipo imafuna chipatala chokhala ndi zipangizo, mwina mpaka ku Lilongwe kumene kuli chipatala cha ziweto cha LSPCA, ulendo wa makilomita opitirira 300. Botolo la lactulose la miyezi iwiri liyerekezeni ndi ulendo umenewo.

Kuphatikiza njirazi

Kupatula masiku anayi oyamba, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Masiku anayi oyamba: chakudya chonyowa, mafupa ayi, beseni loyera, kumupesa, ndi kumuseweretsa mphindi 10 kawiri pa tsiku kuti thupi liyende. Chakudya chatsopano chilowe pang'onopang'ono posakaniza ndi chakale, chifukwa mphaka, makamaka wonenepa, akanyanyala kudya masiku awiri kapena atatu chiwindi chake chimayamba kudwala. Chimbudzi chikakhalabe cholimba, onjezerani lactulose kapena macrogol pa muyezo wotsika. Pakatha masiku awiri kapena atatu alionse, kwezani kapena tsitsani pang'ono, theka la mililita kapena kaufa kochepa, mpaka chimbudzi chikhale choumbika koma chofewa ngati dothi lonyowa loumbira mbiya, kamodzi pa tsiku. Dzungu kapena psyllium zibwere pambuyo, ndipo kwa mphaka yekhayo amene dokotala wati matumbo ndi chiuno zili bwino.

Pa kalendala lembani tsiku lililonse zinthu zinayi: chimbudzi chatuluka kapena ayi, cholimba kapena chofewa, wakodza kangati, wamwa muyezo wanji. Kawiri pa sabata tsinani khungu la pakati pa mapewa n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, kapena nkhama zikakhala zomata, madzi achepa m'thupi ndipo mankhwala ofewetsa sangagwire bwino. Cholakwika chofala ndi kusiya mankhwala tsiku limene chimbudzi chakhala bwino. Akakhala bwino milungu itatu kapena inayi, tsitsani muyezo ndi kota, mudikire sabata muone. Akadumphanso masiku awiri, bwererani pa muyezo wakale tsiku lomwelo, ndipo likafika tsiku lachitatu beseni lili lopanda kanthu, nyamulani mphaka ndi kalendala yanu mupite kwa dokotala.